Mudzi ndi mfumu zili pa NRC, nanga mayina a makolo anu ali kuti?

Tulutsani NRC yanu m'chikwama. Inde, yobiriwira ija imene munajambulitsa muli ndi zaka 16, nkhope ili ngati akugwirani mukuba nkhuku. Chithunzicho chisiyeni, yang'anani pamene analemba mudzi, mfumu ndi boma. Manje ndiyankheni mosabisa. Mudzi umenewo munapondako liti? Ndipo munthu amene anayamba kumanga nyumba kumeneko, amene magazi ake akuyenda mwa inu lero, dzina lake ndani?

Ambiri a ife muno mu Lusaka timathera pa ambuya. Tidziwa atate, tidziwa amene anabala atate, pamwamba apo ndi mdima wokhawokha. Koma tifunseni za woimba amene wasiyana ndi mkazi wake sabata ino, tidzakuuzani mpaka dzina la msungwana amene wasokoneza nyumbayo, sukulu imene anaphunzira ndi mtundu wa motoka imene amugulira. Ntchito yanga pa tsamba lino ndi imeneyo, kudziwa amene ali ndi ndani, ndipo sindichita nayo manyazi chifukwa ndi imene imandilipirira renti.

Koma lero oimba apume. Ndifuna mudziwe mayi wina amene sanaonekepo pa TV, alibe Facebook, koma ali ndi nkhani zoposa zonse zimene ndalemba chiyambire ntchito. Ndi mlongo wamkulu wa atate anga. Kuno timangoti ba anti, kwathu m'Chisenga timati ankhazi. Akhala kwa Kambombo, m'boma la Chama, ndipo sabata iliyonse amasaka anthu akufa.

Musathawe, si za ufiti.

Ankhazi anali aphunzitsi a ku pulayimale. Anapuma ntchito mu 2011 atakwanitsa zaka 55, nabwerera kumudzi kukalima mpunga. Chimene chinawayambitsa ndi maliro a atate awo, ambuya anga. Pa nthawi yowerenga mbiri ya womwalira, wowerengayo anafika pa mawu akuti anabadwa kwa bambo wakuti ndi mayi wakuti, ndipo anaima. Dzina la bambo linalipo. La mayi panalibe analidziwa. Khamu lonse lija, ana, adzukulu, a mpingo, palibe anatha kutchula dzina la mayi amene anabala munthu amene anali m'bokosimo. Ankhazi amati tsiku limenelo analira kawiri.

Atangopuma ntchito anagula buku la hadikava, lakuda lija la msana wofiira limene ana a sukulu amalembamo manotsi. Lero mabukuwo alipo 9. Amawasunga m'ndowa ya pulasitiki ya chivundikiro, kuopa chiswe ndi denga lodontha. Muli mayina, midzi, maukwati, amene anapita kuti ndipo anabwerera kapena ayi, amene anaikidwa pansi pa mtengo uti.

Kwa inu amene Chama mumangoidziwa pa thumba la mpunga ku Soweto Market, lekani ndikufikitseniko. Mukwera basi pa Intercity, mudutsa Chipata, mudutsa Lundazi, mupitirirabe kumpoto mpaka mutsikire m'chigwa cha Luangwa thupi lonse likuwawa. Ndi dziko la Asenga. Musasokoneze ndi Ansenga a ku Petauke, amenewo ndi ena, ndipo Chisenga chili pafupi kwambiri ndi Chitumbuka. Kuli mafumu monga Tembwe, Chikwa, Chifunda, Chibale, Mulilo ndi Lundu, ndipo wamkulu wawo ndi Kambombo, amene amachititsa mwambo wa Kwenje. Mbiri ya pakamwa imati atsogoleri a Asenga anachokera kumadzulo kwa Luangwa, anapeza Atumbuka m'chigwamo, anakwatira kumeneko natenga chilankhulo cha akazi awo. Yizenge Chondoka ndi Frackson Bota analemba buku lonse la mbiri ya Atumbuka ndi Asenga a ku Chama.

Ngakhale boma lenilenilo layendayenda. M'masiku a atsamunda Chama inali pansi pa Lundazi. Mu 2011, pamene Michael Sata anapanga chigawo cha Muchinga, Chama inapita kumeneko. Mu 2021 Hakainde Hichilema anaibwezera ku chigawo cha Kum'mawa. Ankhazi amaseka ati anagona kum'mawa, anadzuka ali ku Muchinga, anagonanso nadzuka ali kum'mawa, bedi ili pamalo amodzimodzi.

Manje onani vuto. Mzere wa mafumu ulipo, amautchula pa Kwenje, uli m'mabuku. Nanga mzere wa mlimi wamba, wa msodzi, wa mayi woumba miphika, ausunga ndani? Lamulo lakuti mwana aliyense wobadwa mu Zambia alembedwe linabwera mu 1973. Ndipo ngakhale lilipo, kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 14 okha pa 100 osakwana zaka zisanu ndiwo anali olembedwa. Ngati zili tero masiku ano a mafoni, ganizirani za mwana wobadwa m'nyumba ya udzu m'mbali mwa Luangwa m'zaka za m'ma 1930. Pepala lake ndi mutu wa munthu amene anamuona akukula. Munthuyo akapita, pepala lapsa.

N'chifukwa chake ankhazi ntchitoyi anaiika pa ndandanda ngati mmene ankachitira ndi maphunziro a giredi 5.

Lolemba ndi Lachiwiri ndi za mimba. Kumunda, kudimba, kuchigayo, kuthamangitsa mbuzi za aneba. Nthawi ya dzinja, mpunga ukakhala m'dambo ndipo mitsinje yadzaza, sayenda kutali. Amangokhala madzulo ndi kanyale ka sola n'kumakopera zimene analemba mothamanga m'chilimwe. Mpunga ukayamba kucha pamabwera mbalame masana, ndipo minda ina njovu usiku, ndiye mabuku amadikira. Akufa sathawa, ati, koma mpunga uthawa.

Mvula ikatha, Lachitatu ndi tsiku la njinga. Amamanga kumbuyo kapaketi ka shuga, mchere ndi sopo, n'kupita kwa nkhalamba imene anapangana nayo. Sapita chimanjamanja, ndipo safika ndi buku lotsegula ngati wa kalembera. Amakhala pamphasa, amathandiza kupeta mpunga kapena kusenda nshawa, amafunsa za miyendo ndi za maso. Nkhani za kale zimabwera zokha dzuwa litapendeka.

Apa pali nzeru imene ngakhale ku koleji ya utolankhani sanatiphunzitse bwino chotere. Safunsa kuti munabadwa chaka chanji, chifukwa nkhalamba idzangotchula chaka chimene mlembi wa NRC anaganizira poyang'ana nkhope. Amafunsa kuti, pamene kunali nkhondo ya Lenshina munali ndi ana angati? Icho ndi 1964. Pamene ndalama inasintha kuchoka ku mapaundi kupita ku kwacha, mwana uyu anali kumsana kapena anali kuyenda? Icho ndi 1968. Anamwalira tisanadye chimanga chachikasu kapena titadya kale? Icho ndi chilala cha 1992. Akaphatikiza mayankho atatu otere, chaka chimatuluka chokha.

Amadziwanso kuti amuna ndi akazi sasunga zinthu zofanana. Madala adzakuuzani amene anapha njati, amene anakangana ndi nduna, amene anasamutsa mudzi. Koma ngati mufuna kudziwa amene anabala ndani, mwana amene anayamwa bere la mayi wina chifukwa amake anamwalira pobereka, amene anabwera ndi mimba kuchokera ku ukwati woyamba, pitani kuseri kwa nyumba kumene kuli amayi.

Lachisanu nthawi zina amapita kwa a hedimani kukaona buku la mudzi, kapena ku tchalitchi kukapempha mabuku a ubatizo. Mipingo ya kumeneko, ya Katolika ndi ya CCAP imene mizu yake ili ku Livingstonia, inkalemba anthu kale boma lisanayambe kusamala za mwana wa munthu wakuda. Koma mabuku ena anadyedwa ndi chiswe, ena ananyowa, ena anapita ndi mlaliki amene anasamuka. Pa tchalitchi china anapeza buku limene masamba a zaka khumi anasanduka dothi. Anangolitseka bwinobwino n'kuthokoza.

Maliro alibe tsiku, koma ndiye laibulale yawo yaikulu. Usiku wa pamaliro nkhalamba zochokera m'midzi isanu zimakhala pamoto umodzi, zimakumbutsana, zimatsutsana. Ankhazi amakhala pakati pawo chitenje kumutu, khutu lili tcheru. Salemba pamenepo, kungakhale kupanda ulemu. Amasunga m'mutu, m'mawa n'kuthamangira ku buku.

Ndipo ali ndi lamulo limodzi limene ndikanakonda ife a nyuzipepala tonse tikanalitsatira. Dzina limene amva kwa munthu mmodzi amalemba ndi pensulo. Likatsimikizidwa ndi anthu ena awiri amene sanakhale pamodzi pokamba, ndi pamene amadutsamo ndi bolopeni. Mukatsegula mabuku aja muona masamba ena abuluu okhaokha, ena otuwa ndi pensulo. Pali mayina amene akhala mu pensulo zaka zoposa khumi.

Loweruka amatchajitsa foni pa kantemba ka sola. Pa Sondo akaweruka ku tchalitchi amakwera pa chulu china pamene netiweki imagwira, ndipo foni yanga imalira. Sayamba ndi moni wautali ndaba thokotaimu ndi ndalama. Amangoti, mwana wane, tenga cholembera. Ine nthawi zambiri ndimakhala nditagona 04 koloko kuchokera ku shoo, mawu atatha, koma ndimatenga. Ndine ofesi yawo ya ku Lusaka, yosalipidwa.

Chimene chimawavuta kwambiri ndi akazi. Kwathu mkazi wamkulu saitanidwa ndi dzina lake lobadwa nalo. Amaitanidwa ndi chiwongo cha atate ake, kutsogolo kuli Nya. NyaGoma, NyaZimba, NyaNg'uni, NyaKumwenda. Ndi ulemu waukulu, ndipo umathandiza kudziwa banja limene anachokera. Koma mudzi umodzi ungakhale ndi a NyaZimba asanu ndi mmodzi, ndipo pakapita zaka 60 palibe akumbukira kuti amene anabala ambuya anu anali uti. Ana ake enieni mwina sanamvepo dzina lake, chifukwa mwana kutchula dzina la amake kunali chipongwe. Ndiye ulemu womwewo ndi umene umafafaniza munthu.

Dzina la mayi uja wa pamaliro, ambuya awo, ankhazi analipeza patapita zaka zinayi. Analimva kwa nkhalamba ina ya kwa Tembwe imene inavinidwa naye chinamwali chimodzi mng'ono wake. Atalimva sanalembe msanga. Ati anangolitchula katatu panjira pobwerera, ali pa njinga, kuti alimve mmene limvekera. Mdzukulu wamkazi amene anabadwa m'banja mwathu chaka chotsatira anapatsidwa dzina limenelo.

Amuna nawo ali ndi zawo. Munthu mmodzi angakhale ndi mayina anayi. La pamchombo, la ubatizo, la ku migodi limene anadzipatsa yekha kapena anapatsidwa ndi kapitawo, ndi la pa chitupa limene mlembi analemba mmene khutu lake linamvera. Onjezani aja amene analephera giredi 7 n'kubwereza ndi dzina la msuweni wawo, lero banja lonse mu Kitwe likuyenda ndi dzina lobwereka. Musaseke, mwina ndi inu. Kafunseni chifukwa chake dzina lanu lisiyana ndi la abale a atate anu.

Ntchito imodzi imene anandituma inali ya ku National Archives, ku Ridgeway. Kumeneko kuli mabuku amene mabwana a atsamunda ankalemba za maboma awo, mafumu, midzi, msonkho ndi milandu. Za Chama muzifuna pansi pa Lundazi. Ndinakhala tsiku lathunthu ndi zolemba za pamanja za azungu amene anafa kalekale. Munthu wamba amaonekamo mwa apo ndi apo, kawirikawiri akakhala pa mlandu. Koma ndinapeza dzina la mudzi wathu, lolembedwa mokhota, pamalo ena osiyana ndi pamene uli lero. Nditawauza pa Sondo, ankhazi anakhala chete kenako anati, ndiye nkhalamba ija sinaname, mudzi unasamukadi kuthawa madzi. Tsiku limenelo mzere wina unachoka mu pensulo.

Musaganize kuti aliyense amawaombera m'manja. Kukumba mizu kumatulutsa ndi njoka zomwe. Chigwa cha Luangwa chinali njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, ndipo alipo mabanja amene kholo lawo linafika pamudzi lili lomangidwa. Aliyense wamkulu adziwa, palibe amatchula. Za 1964 nazo zikadali zilonda. Nkhondo ya pakati pa mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, a UNIP ndi asilikali inayambira ku Chinsali koma inafika ku Lundazi ndi m'midzi ya ku Chama. Abale a mimba imodzi anapezeka mbali ziwiri, ena anafa, ena anathawira ku Congo. Pali nkhalamba zimene mukatchula chaka chimenecho zimayang'ana pansi n'kuyamba kukamba za mvula.

Palinso amene amabwera ndi zolinga zawo. Wina afuna buku litsimikize kuti dambo la mpunga lija ndi la ambuya ake. Wina afuna dzina lake liyandikire ku ufumu. Wina anabwera usiku kudzapempha kuti mwana wina wa kunja afafanizidwe. Ankhazi onsewo amawapatsa madzi akumwa ndi yankho limodzi, kuti buku si khoti, za malo zipite kwa mfumu. Koma mwana safafanizidwa. Zina zowawa kwambiri amazilemba m'buku lapadera limene ngakhale ine sindinalitsegulepo, ndipo anandiuza kuti lidzawerengedwa onse otchulidwamo atapita. Kwa munthu wa ntchito yanga, amene nkhani ikapsa imafunika kutuluka Lachisanu, zimenezi zimandiyabwa. Koma ndaona kuti nkhalamba zimawauza zambiri chifukwa zidziwa kuti sizidzamveka pa chigayo mawa.

Manje lekani ndikuuzeni za tsamba limene limawasowetsa tulo.

Ambuya anga anali ndi mkulu wawo. M'zaka za m'ma 1950 ananyamuka ngati anyamata ambiri a nthawi imeneyo, kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya ukwati. Ena ankapita ku migodi ya Kitwe ndi Luanshya, ena ku Joni ndi Wenela, iye analowera ku Southern Rhodesia. Poyamba makalata ankabwera. Anatumiza bulangete, kenako njinga. Kalata yomaliza inachokera ku Wankie, ku migodi ya malasha, kumene lero kumatchedwa Hwange. Kenako zii. Anakhala muchona, mmene timatchulira munthu amene tauni inamumeza.

Pa 6 June 1972 mgodi wa nambala 2 ku Wankie unaphulika, anthu 427 anafa, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Zambia. Mbiriyo itafika kumudzi, ambiri anati basi, wapita ndi amenewo. Chaka chotsatira malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, ndiye panalibe wopita kukafunsa. Koma amake anakana kukhala maliro. Ati sindilira mwana amene sindinaone manda ake. Anamwalira akuyang'anabe kunjira.

M'buku lachitatu la ankhazi muli tsamba la munthu ameneyu. Pamwamba dzina lake, mu bolopeni. Pansi pake palibe kanthu.

Chaka chatha anandituma kuti ndiyese pa intaneti. Ndinalemba m'magulu a pa Facebook a anthu a ku Hwange, ndinaika chiwongo, dzina la mfumu ndi zaka. Miyezi inapita, ndinangolandira a miseche ndi wina wofuna kundigulitsa malasha. Kenako usiku wina uthenga unalowa pa WhatsApp, nambala ya ku Zimbabwe. Mayi wa zaka za m'ma 30. Anati ambuya ake aamuna anali a chiwongo chimenecho, anagwira ntchito pa mgodi, sanafe pa ngozi ija koma anamwalira ndi chifuwa patapita zaka. Ankaimba nyimbo m'chilankhulo chimene panyumba panalibe wochimva, ndipo akaledzera ankatchula mawu akuti Chama.

Mayiyu sanafune ndalama, sanafune malo. Anandiuza kuti atate ake anakula ndi chitupa chowalemba kuti ndi mlendo m'dziko limene anabadwiramo, monga ana ambiri a anthu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 ndi amene anawatsegulira njira ya unzika. Koma ati pepala ndi pepala, pa Khirisimasi anzake onse amakwera basi kupita kumudzi, iye alibe kolowera. Anangofuna kudziwa ngati kuli malo pa dziko lapansi kumene angatchule chiwongo chake anthu n'kuyankha kuti tikudziwa.

Ine ndinali nditalemba kale mutu wa nkhani m'maganizo. Ankhazi anati dekha. Anandipatsa mafunso atatu oti ndimufunse, osamuthandiza mayankho. Kodi mdalayo anali ndi chipsera, ndipo pati? Amake anali a Nya chiyani? Kamtsinje ka pafupi ndi mudzi wake ankakatchula kuti chiyani? La chipsera anayankha ndendende, pa mwendo wamanzere, anapsa ndi moto ali mwana. La chiwongo cha amake anakafunsa atate ake, linagwirizana. La kamtsinje palibe anakumbukira.

Ziwiri pa zitatu. Inu ndi ine tikanaphika kale nsima ya chikondwerero. Ankhazi analemba mayina a mayiyo, atate ake ndi ana ake pansi pa tsamba lija, mu pensulo. Ndinawafunsa ngati si nkhanza. Anati nkhanza ndi kupatsa munthu mudzi, iye n'kugulitsa mbuzi zake kubwera kuno, kenako n'kupezeka kuti mudzi wake uli kwa Chikwa.

Mwina mukuti bwanji osangopima DNA. Kuno mawu amenewo tikawamva timaganiza za bambo amene akukana mwana pa wailesi. Kunja ndi bizinesi yaikulu, umalavulira m'kabotolo, n'kukuuza kumene makolo ako anachokera. BBC yakhala ikuonetsa pulogalamu ya Who Do You Think You Are? kuyambira 2004, anthu otchuka akulira pamaso pa kamera atapeza pepala la kholo lawo. Anthu akuda a ku America, chitulukireni buku la Alex Haley la Roots mu 1976, amawononga ndalama zambiri kufuna chinthu chimene inu muli nacho chaulere pa NRC, dzina la mudzi ndi la mfumu. Kupima kungathandize pa nkhani ngati ya ku Hwange, ndipo mwina tidzafikako ndalama zikapezeka. Koma kabotolo sikadzakuuzani dzina la pamchombo la ambuya anu, kapena chifukwa chimene mudzi unasamukira, kapena amene anayamwitsa atate anu. Ndiponso kampani imatha kugwa, monga 23andMe inagwera mu 2025, malovu a anthu mamiliyoni ali m'manja mwake. Ndowa ya ankhazi ilibe masheya.

Ndiye mverani, simufunika kupuma ntchito kapena kugula njinga. Sabata ino, pa mabando amene mumathera kuonera anthu akutukwanana pa TikTok, patulani mphindi 20. Imbirani munthu wamkulu kuposa onse m'banja mwanu. Osayamba ndi amene ali pafupi, yambani ndi amene ali wokalamba, chifukwa ndi amene nthawi yake yafupika. Mupempheni kuti mujambule mawu ake. Funsani dzina lobadwa nalo la amake, osati la ulemu chabe. Funsani abale ake onse motsatana, ndi amene anamwalira ali aang'ono omwe. Funsani amene anapita osabwerera. Funsani kumene makolo anaikidwa. Akayamba kukamba za mbuzi imene inasowa mu nthawi ya Kaunda, musamudule, dzina limene mufuna lili kuseri kwa mbuziyo.

Mukatha, lembani papepala. Foni imabedwa mu minibasi, imagwera m'madzi, ndipo gulu la banja la pa WhatsApp limatha tsiku limene mwakangana za ndalama za maliro. Zithunzi zakale zija zili m'sutikesi, lembani kumbuyo kwake mayina anthu owadziwa akadalipo. Ndipo inu amene muli pa chibwenzi chotentha ndi munthu amene munakumana naye ku East Park, mufunseni chiwongo ndi mfumu yake musanafike patali. Ankhazi aletsapo kale ukwati umodzi wa ana awiri a mu Lusaka amene ambuya awo anali a bere limodzi. Panali kulira, koma kunali bwino kulira keke isanagulidwe.

Mawu a akulu akoma akagonera, timatero. Koma amagonera pokhapokha pali amene anawamva.

Za ku Hwange zili apa. Muchona uja ali ndi mlongo wake mmodzi amene akali moyo, wotsiriza pa mimba imeneyo, zaka zapitirira 90. Ndi yekhayo padziko amene anamuona ndi maso asananyamuke. Mayi wa ku Zimbabwe wapeza chithunzi chimodzi cha ambuya ake, ataima pafupi ndi njinga, atavala jekete lalikulu. Pa foni nkhalambayo singaone kanthu, maso achita nkhungu. Ndiye ndakachitsukitsa ku Cairo Road, chachikulu ngati kalendala, ndachikulunga m'makatoni awiri, ndipo Lachinayi chikwera basi ya ku Chama m'manja mwa kondakitala amene ndamulipira ya drinki. Ankhazi akachitenga Lachitatu linalo pa njinga, pamodzi ndi shuga ndi sopo. Ati sadzanena kuti ndi ndani. Adzangochiika pamiyendo pa nkhalambayo, panja pamene pali dzuwa, n'kudikira. Bolopeni adzakhala nayo m'thumba.